Ben-Hur, Nkhani Imene Idapsa Pophikidwa Kachitatu

Mu Okutobala 1925, pa bwalo lalikulu limene kampani ya MGM idamanga ku Los Angeles, kufupi ndi Culver City, anthu zikwizikwi adavala mikanjo ya Aroma n'kukhala pamipando kudikira mpikisano wa magaleta wa filimu ya Ben-Hur. Makamera 42 adatchereredwa mbali zonse za bwalolo. Pakati pa chinamtindicho padali anyamata angapo amene ntchito yawo idali youza anthu nthawi yoimirira, nthawi yokuwa ndi nthawi yokhala pansi. Mmodzi mwa iwo adali ndi zaka 23, wobadwira ku Mulhouse m'chigawo cha Alsace, ndipo ku America adali atangokhalako zaka zochepa. Dzina lake lidali William Wyler. Palibe adamuganizirapo kanthu tsiku limenelo. Koma madzi saiwala khwawa: patapita zaka 33, munthu yemweyo adaima pa bwalo lina ku Rome akutsogolera kujambula nkhani yomweyo, ndipo filimu imene adatulutsa idaphimba ya 1925 ija mwakuti lero ambiri sadziwa n'komwe kuti kudali ina.

Anthu okonda kanema amakonda kudandaula kuti filimu yobwereza siposa yoyamba. Nthawi zambiri amanena zoona. Koma mbiri ya Ben-Hur imandichititsa chidwi chifukwa nkhaniyi yajambulidwa kanayi ngati filimu ya m'nyumba zoonetsera kanema, mu 1907, 1925, 1959 ndi 2016, ndipo imene idapsa bwino ndi yachitatu.

Mwini nkhani adali Lew Wallace wa ku Indiana, loya komanso mkulu wa asilikali amene adamenya nawo nkhondo yapachiweniweni ya ku America. Pa nkhondo ya ku Shiloh mu 1862 adachedwa kufika ndi asilikali ake, ndipo chitonzo chimenecho chidamutsata moyo wake wonse. Mu 1876 adakumana m'sitima yapamtunda ndi Robert Ingersoll, munthu wotchuka potsutsa zachipembedzo. Atacheza naye, Wallace adachita manyazi poona kuti iye mwini sankadziwa zambiri za Chikhristu, choncho adayamba kuwerenga ndi kufufuza. Bukulo adalimalizira ku Santa Fe, ali bwanamkubwa wa dera la New Mexico, ndipo kampani ya Harper & Brothers idalisindikiza mu Novembala 1880. Nthawi yonseyi n'kuti asanapondeko ku Yerusalemu. Misewu, mapiri ndi zovala zonse adazitenga m'mabuku ndi m'mapu.

Nkhani yake ndi ya Judah Ben-Hur, mwana wa banja lolemera la Chiyuda, ndi mnzake wa paubwana Messala, Mroma. Phale likugwa kuchokera padenga la nyumba ya Judah pamene bwanamkubwa watsopano akudutsa, ndipo Messala, ngakhale akudziwa kuti idali ngozi, akutumiza mnzakeyo kukapalasa ngalawa zankhondo ngati kapolo, mayi ake ndi mlongo wake n'kuwatsekera m'ndende. Judah akubwerako ndi mtima umodzi wokha, wobwezera. Moyo wake ukungokhudzana apo ndi apo ndi moyo wa Yesu wa ku Nazareti. Bukulo lidayamba kuyenda mwapang'onopang'ono, kenako lidagulidwa ngati zitumbuwa, ngakhale m'mabanja amene ankaona mabuku a nthano ngati tchimo.

Wallace adakana kwa zaka zambiri kuti bukulo lichitidwe sewero, chifukwa sankafuna kuti munthu wamba avale nkhope ya Khristu. Atalola mu 1899, padali pangano lakuti Yesu aziimiridwa ndi kuwala kokha. Seweroli lidayamba pa Broadway ku New York chaka chomwecho, motsogozedwa ndi Marc Klaw ndi Abraham Erlanger, ndipo akavalo enieni ankathamanga pa nsanja, pamwamba pa malamba oyenda, chithunzi cha kumbuyo chikuzungulira kuti zioneke ngati magaleta akupita. Lidayenda m'mizinda kwa zaka zoposa 20. Pangano la kuwala lija tilikumbukire, chifukwa lidasiya chizindikiro pa mafilimu a 1925 ndi 1959.

Filimu yoyamba, ya 1907, idali ya mphindi pafupifupi 15 basi. Kampani ya Kalem idaijambula m'dera la Brooklyn, ozimitsa moto a kumeneko ndiwo ankayendetsa magaleta, ndipo mayi wina wochita zisudzo, Gene Gauntier, ndiye adalemba ndondomeko yake m'masiku awiri. Kamera idangoima malo amodzi, magaleta n'kumadutsa patsogolo pake. Ngati filimu, siili kanthu. Kufunika kwake kuli kukhoti. A Kalem sadapemphe chilolezo kwa aliyense, monga mmene opanga mafilimu onse ankachitira masiku amenewo, ndipo osindikiza buku, eni sewero ndi banja la Wallace, amene adamwalira mu 1905, adakasuma. Mlanduwo udafika ku khoti lalikulu la dziko la America, ndipo mu Novembala 1911 woweruza Oliver Wendell Holmes adalemba chigamulo chakuti kujambula buku la mwini popanda chilolezo n'kuphwanya ufulu wa mwiniyo. Kalem idalipira madola 25,000. Kuchokera pamenepo nkhani idasanduka katundu, wogulidwa ndi kusungidwa ngati munda. Ndipo amene wagula munda salima chaka chimodzi n'kuusiya. Mwambo wonse wa makampani a ku Hollywood wobwereza mafilimu awo uli ndi muzu umodzi m'chigamulo chimenechi.

Munda wa Ben-Hur udagulidwa modula. Erlanger adagwirizana ndi kampani ya Goldwyn kuti iye ndi anzake azitenga theka la ndalama zimene filimuyo idzapeze. Kujambula kudayamba ku Italy, wotsogolera ali Charles Brabin, wosewera Judah ali George Walsh, ndipo zinthu zidasokonekera kuyambira pachiyambi: omanga ankanyanyala ntchito, ndalama zinkatha, zimene zinkajambulidwa sizinkasangalatsa aliyense. Mu 1924 Goldwyn idaphatikizana ndi makampani ena n'kupanga MGM, ndipo mabwana atsopano, Louis B. Mayer ndi Irving Thalberg, adachotsa Brabin ndi Walsh, n'kuika Fred Niblo ndi mnyamata wa ku Mexico, Ramon Novarro. Nkhondo ya panyanja idajambulidwa kufupi ndi Livorno ndi ngalawa zenizeni zazikulu. Imodzi itayatsidwa, moto udakula kuposa mmene adaganizira, ndipo anthu olembedwa ganyu kuti akhale asilikali adalumphira m'madzi ndi mantha enieni, kamera ikujambula. Pamapeto pake gulu lonse lidaitanidwa kubwerera ku California, kumene bwalo la magaleta lidamangidwanso. Filimuyo idadya ndalama pafupifupi madola 4 miliyoni, kuposa filimu ina iliyonse ya nthawi ya mafilimu opanda mawu, ndipo ngakhale anthu adakhamukira kukaionera kuyambira pa 30 Disembala 1925, theka la Erlanger lija lidachititsa kuti MGM isaone phindu ulendo woyambawo.

Ndiyenera kuichitira chilungamo filimu ya 1925, chifukwa ndimaikonda. Nkhondo yake ya panyanja imaposa ya 1959, imene idagwiritsa ntchito timangalawa tating'ono m'thanki ya madzi. Mpikisano wake wa magaleta, umene adautsogolera B. Reeves Eason, ndi woopsa zedi, ndipo kuopsako kudali kwenikweni: oyendetsa adalonjezedwa mphoto ya ndalama kuti athamange moona, magaleta adawombana, akavalo adafa. Zigawo zina zidajambulidwa ndi mitundu ya Technicolor yoyambirira. Nkhope ya Yesu siioneka, timangoona dzanja. Koma anthu a m'filimuyo ali ngati zithunzi za pakalendala. Francis X. Bushman, amene adasewera Messala, amangolowa ali woipa kale, chifuwa chili patsogolo, chipewa cha mapiko kumutu. Sukhulupirira kuti awiriwa adadyerapo mbale imodzi. Ndiye pamene akudana, mtima wako sugunda.

Chimene chidabweza MGM ku munda wakalewu ndi njala. Mu 1948 khoti lalikulu lidalamula makampani a mafilimu kuti asiyane ndi nyumba zawo zoonetsera kanema, ndipo m'zaka khumi zotsatira wailesi yakanema idalowa m'nyumba zambiri ku America. Anthu adasiya kutuluka madzulo. Hollywood idayankha ndi zimene kabokosi ka pabalaza sikakanatha: chinsalu chachikulu, mitundu yowala, makamu a anthu. Cecil B. DeMille adabwereza filimu yake yomwe, The Ten Commandments ya 1923, n'kutulutsa ya 1956 imene Charlton Heston adasewera Mose, ndipo idapanga ndalama zankhaninkhani. MGM, imene idali pamavuto aakulu a zachuma, idaponya zonse pa Ben-Hur, madola oposa 15 miliyoni. Woyang'anira ntchitoyi, Sam Zimbalist, ndiye adakakamira kuti Wyler aitsogolere.

Kusankha Wyler kudali kodabwitsa. Iye sankadziwika ndi mafilimu a makamu ndi nkhondo. Ankadziwika ndi nkhani za m'nyumba, za anthu awiri kapena atatu m'chipinda, monga The Best Years of Our Lives ya 1946, yonena za asilikali obwerera kwawo nkhondo itatha. Ankadziwikanso pobwereza chigawo chimodzi maulendo makumi angapo mpaka osewera atatopa n'kusiya kudzionetsera. Adali Myuda, ndipo nkhani ya Myuda woponderezedwa m'dziko lake ankaimva m'mafupa. Chimene adabweretsa ku Cinecittà, malo ojambulira mafilimu a ku Rome, mu Meyi 1958 ndi khutu la munthu amene amadziwa kuti chidani chowawa kwambiri chimachokera kwa amene unkagona naye mphasa imodzi.

Choyamba adadula. M'buku ndi m'filimu ya 1925 muli mkazi wa ku Iguputo, Iras, wonyengerera Judah, ndipo Wyler adamuchotsa. Mulinso gawo limene Judah akusonkhanitsa magulu ankhondo kuti akamenyere Yesu ufumu, nalonso lidapita. Mpikisano wa magaleta, umene Wallace adauika ku Antiokeya, adausamutsira ku Yudeya, pamaso pa Pontiyo Pilato ndi pamaso pa anthu a mtundu wa Judah. Phale lija, limene m'buku likugwa m'dzanja la Judah mwini, tsopano likugwetsedwa ndi mlongo wake Tirzah potsamira khoma la padenga, ndipo Judah akudzisenzetsa mlandu kuti amuteteze. Olemba adadutsapo angapo, Karl Tunberg, Gore Vidal ndi Christopher Fry mwa ena, ndipo adakanganirana za amene adalemba chiyani mpaka kukalamba. Koma mbali imene zonse zidalowera ndi imodzi: kuchepetsa anthu kuti awiri aja aoneke bwino.

Onani mmene akukumanirana koyamba. Messala, amene akuseweredwa ndi Stephen Boyd wa ku Northern Ireland, wangofika kumene ku Yerusalemu ngati mkulu wa asilikali. Akumva kuti Judah ali pakhomo, ndipo nkhope yake ikuwala ngati ya mwana. Akukumbatirana, akuseka, akutola mikondo n'kuiponya pa mtanda wa denga monga ankachitira ali anyamata, ndipo mikondo yonse iwiri ikulasa malo amodzi. Akumwa vinyo atakolekerana mikono. Kenako, pang'onopang'ono, Messala akupempha kanthu: maina a Ayuda amene akuwukira Roma. Judah akukana. Palibe akunama mwa awiriwa, ndipo n'chifukwa chake zimapweteka. Messala amakhulupiriradi kuti Roma ndiye tsogolo ndipo mnzake akumukana pa nthawi imene akumufuna. Aliyense amene adaonapo ubale ukutha chifukwa cha chipani, kapena chifukwa mmodzi wakwera pa udindo, amaizindikira nkhope ya Boyd pa mphindi imeneyo.

Chigawo chimene chimandikhala mumtima ndi cha pachitsime ku Nazareti. Akapolo amangidwa unyolo, ayenda m'chipululu, milomo yang'ambika. Anthu a m'mudzi akuwapatsa madzi, koma msilikali akulamula kuti Judah yekha asalandire. Judah akugwa chafufumimba m'fumbi. Dzanja likutulukira, likumuthira madzi kumaso, likumutukula mutu, likumumwetsa m'chikho. Msilikali akubwera ndi mkwapulo akukalipa. Munthu uja akuimirira, ife tikumuona kumsana kokha, ndipo kamera ikukhala pa nkhope ya msilikaliyo. Akuyang'ana, akuyesa kulimba mtima, maso akugwa pansi, akutembenuka n'kukakalipira ena. Pangano la Wallace la 1899 lidali litasanduka luso. Popeza nkhope ya Yesu sitiiona, timaiwerenga pa nkhope ya amene akumuyang'ana. Amene adasewera mbali imeneyi, woimba wa ku America Claude Heater, dzina lake silidalembedwe n'komwe pa mndandanda wa osewera.

Mpikisano wa magaleta wa 1959 udatsogozedwa ndi Andrew Marton ndi Yakima Canutt, pa bwalo la maekala 18, ndi akavalo 78 ochokera ku Yugoslavia ndi Sicily. Umatenga mphindi pafupifupi 9, koma kujambula kwake kudadya milungu isanu. Heston, amene adasewera Judah, ndi Boyd adaphunzira kuyendetsa okha magaleta a akavalo anayi. Miklós Rózsa adalemba nyimbo zambiri za filimuyi, koma mpikisano ukangoyamba nyimbo zimaleka, kumangomveka ziboda, mikombero, mikwapulo ndi mfuwu wa anthu. Pali malo amene galeta la Judah likudumpha zidutswa za galeta lina, woyendetsa n'kuponyedwa kutsogolo. Imeneyo idali ngozi yeniyeni. Joe Canutt, mwana wa Yakima, amene ankayendetsa m'malo mwa Heston, adaponyedwadi, adadzigwira, n'kutuluka ndi bala pachibwano. Adasunga chithunzicho n'kujambula Heston akukwereranso m'galeta. Zambiri za kaikidwe ka makamera zidatengedwa ku mpikisano wa 1925, ndipo amene waonera yonse iwiri amaona chibale chake. Kusiyana kwake n'kwakuti mu 1959 takhala ndi anthu awiriwa maola oposa awiri. Tikudziwa maina a akavalo oyera aja, Altair, Aldebaran, Antares ndi Rigel, taona Judah akuwasisita usiku. Messala akayamba kukwapula Judah m'malo mokwapula akavalo, timadziwa kuti mkwapulowo wachokera kutali.

Kenako Wyler adawonjezera chimene sichili m'buku. Kwa Wallace, Messala akupulumuka ali wolumala. Mu 1959 wagona pathebulo, thupi lonse lanyenyeka, madokotala akufuna kumudula miyendo, iye akukana chifukwa akudziwa kuti Judah abwera ndipo safuna kukumana naye ali theka la munthu. Judah akufika ndi nkhata ya chipambano. Messala, ndi mpweya wotsiriza, akumuuza kuti mayi ake ndi mlongo wake sadafe, akawafune ku chigwa cha akhate. Akufa atamugwira chovala. Judah akutuluka n'kukaima pa bwalo lija, lopanda munthu tsopano, mchenga uli mbuu. Wapambana, ndipo m'manja mulibe kanthu. Filimu ya 1925 ilibe mphindi yofanana ndi imeneyi, ndipo kwa ine apa ndi pamene yachitatu idasiyira yachiwiri kumbuyo. Ola lotsala, la akhate, la Gologota, la mvula imene ikutsuka magazi n'kuchiritsa amayi awiri aja, limayenda chifukwa taona ndi maso athu kuti kubwezera sikudamukhutitse.

Zolakwika zilipo. Mphindi 212 ndi zambiri, ndipo chikondi cha Judah ndi Esther, amene adaseweredwa ndi Haya Harareet wa ku Israel, chimazizira msanga. Hugh Griffith, mzungu wa ku Wales, adapakidwa utoto kumaso kuti akhale Mwarabu Sheik Ilderim, chinthu chimene chimandiwawa nthawi iliyonse ndikachiona, ngakhale adalandira nacho mphoto. Zimbalist sadaione filimu yake: adamwalira ndi matenda a mtima ku Rome mu Novembala 1958, kujambula kusanathe. Idayamba kuonetsedwa ku New York pa 18 Novembala 1959, idapulumutsa MGM, ndipo mu Epulo 1960 idatenga mphoto za Oscar 11 mwa 12 zimene idapikisana nawo. Imene idaphonya ndi ya kalembedwe, kumene kudali mkangano uja. Chiwerengero cha 11 chidadzafikiridwanso ndi Titanic ya 1997 ndi The Lord of the Rings: The Return of the King ya 2003, koma palibe idachidutsa.

Mu 2016 MGM ndi Paramount adabwereranso ku Cinecittà, wotsogolera ali Timur Bekmambetov, Judah ali Jack Huston, Messala ali Toby Kebbell, Ilderim ali Morgan Freeman. Maganizo ena adali abwino. Ilderim sadafunikenso utoto. Messala adasanduka mwana wamasiye woleredwa m'nyumba ya Judah, kuti ubale ukhale wa pachibale penipeni. Koma nkhani yonse idapanikizidwa m'maola awiri, ikuthamanga ngati munthu wochedwa basi, ndipo mpata woti tikhale pansi ndi anthuwo sudapezeke. Yesu, woseweredwa ndi Rodrigo Santoro, akuoneka nkhope ndipo akulankhula, choncho palibenso chifukwa choyang'anira maso a msilikali. Messala sakufa. Akuduka mwendo, awiriwo akukhululukirana mwachangu, ndipo akukwera akavalo n'kumapita limodzi. Ndikumvetsa chimene ankafuna, chifukwa kukhululuka ndiye mtima wa buku la Wallace. Koma chikhululukiro chimene sitidaone mtengo wake chimangodutsa pamaso. Filimuyo idadya madola pafupifupi 100 miliyoni, ndipo ndalama zimene idatolera m'nyumba zoonetsera kanema pa dziko lonse sizidafike n'komwe pamenepo.